Mndandanda wa Lembo C: Kodi Tikuphunzitsa Chiyankhulo Kapena Alifabeti?

M'mwezi wa Juni, pamene tinkayendera ophunzira athu amene adali kuyesera ntchito ya uphunzitsi, tidafika pa sukulu ina ya pulaimale ya kufupi ndi Msongwe, mumzinda wa Mzuzu. Kudacha ndi nkhungu, monga kumachitira kumeneko m'nyengo yachisanu, ndipo ana a Sitandade 4 adali atakhala mothithikana, manja ali m'khwapa. Pa bolodi padali mau a Chingerezi 20, olembedwa mwaukhondo m'mizere iwiri, onse oyamba ndi lembo C: 'cat', 'ceiling', 'chalk', 'city', 'coat', 'cot', 'cut' ndi ena otero. Mphunzitsi, mnyamata wakhama ndithu, ankaloza liu lililonse ndi kamtengo, ana nkumavomera mokweza ngati nyimbo ya kutchalitchi. Phunziro litatha tidatola choko pa tebulo ndi kufunsa mtsikana wina wa kutsogolo kuti chinthu chimenechi chimatchedwa chiyani m'Chingerezi. Adayang'ana choko, adayang'ana bolodi, kenaka adayankha mwaulemu kuti 'city'. Liu loti 'chalk' adali atalitchula kasanu konse m'mawa womwewo. Za 'ceiling' sitidafunse nkomwe, popeza m'kalasimo munthu ukakweza maso umangoona malata ndi mitanda basi.

Sitidamdzudzule mphunzitsiyo. Iye adangochita zimene adachitiridwa ali mwana, zomwenso ife amene tikulemba pano tidachitapo m'zaka zathu zoyamba pa ntchitoyi. Koma nkhaniyi idatisowetsa mtendere, kotero kuti titabwerera ku koleji tidaganiza zoti ophunzira athu alaweko okha zimene mwana uja adalawa. Chingerezi sichikadathandiza, pakuti onse amachidziwa, ndipo Chifalansa ena adachiphunzirako ku sekondale. Tidasankha Chisipanishi, chiyankhulo chimene anthu pafupifupi 500 miliyoni adabadwa nacho, ku Spain, ku Mexico, ku Argentina ndi maiko ena ambiri a ku America, chimenenso chili chiyankhulo cha boma ku Equatorial Guinea muno mu Africa. Kuno kwathu ambiri amangochimvera patali poonera mpira wa Real Madrid ndi Barcelona. Mindandanda ya mau ake, yosanjidwa motsata malembo, ili mbwee pa intaneti, ndipo amene ali ndi foni ya m'manja angathe kuipeza mosavuta. Tidatenga wa lembo C, kuti tifanane ndi mphunzitsi wa ku Msongwe uja.

Tidalemba pa bolodi mau awa pamodzi ndi matanthauzo ake: 'caballo', hatchi; 'cabello', tsitsi; 'cebolla', anyezi; 'casa', nyumba; 'cosa', chinthu; 'cara', nkhope; 'caro', chodula; 'cuchara', supuni; 'cuchillo', mpeni; 'cielo', thambo; 'carta', 'cama', 'capitán' ndi ena angapo. Tidaloza ndi kamtengo, iwo nkumavomera. Adakopera m'makope mwao, ndipo pakutha pa phunziro aliyense adali wotsimikiza kuti wawagwira. M'mawa mwake tidafunsa kuti anyezi ndi chiyani m'Chisipanishi. M'kalasi mudabuka mkangano: wina akuti 'cabello', wina akuti 'caballo', wina akuti ndi liu lija loyamba ndi C. Onse adaseka, chifukwa onse adali ndi yankho lomwelo m'mutu. Awa adali anthu aakulu, okhoza mayeso a Fomu 4, okhala pa mipando yabwino, atadya m'mawa. Nanga mwana wa zaka 9, wokhala pa simenti yozizira?

Padali mau atatu amene sadasowe m'mutu mwa aliyense: 'carta', 'cama' ndi 'capitán'. Chifukwa chake nchosabisika. Mauwa adapeza abale ao m'Chichewa: kalata, kama ndi kapitao. Chisipanishi ndi Chipwitikizi ndi ziyankhulo za pachibale, zobadwa ku Chilatini, ndipo Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, kuyambira m'zaka za m'ma 1500. Mau ao ena adayenda ndi amalonda mpaka kulowa m'kamwa mwa makolo athu. Nsapato, mbatata ndi chipewa zidabwera njira yomweyo. Titawauza ophunzirawo kuti 'caballo' wa Asipanishi ndiye 'cavalo' wa Apwitikizi, ndiyenso kavalo amene amamuwerenga m'Buku Lopatulika, palibe amene adamsokonezanso ndi tsitsi kapena anyezi. Liu lija lidapeza chogwira. Lembo C silidathandize kanthu pamenepa. Chidathandiza ndi chinthu chimene munthu ankachidziwa kale.

Maganizo athu tsono ndi awa, ndipo tikuwanena mosapsatira: kusanja mau motsata alifabeti ndi njira yopezera liu m'buku, ndipo pa ntchito imeneyo palibe njira yoiposa. Koma pophunzitsa mau atsopano a chiyankhulo chachilendo, njira imeneyi ndi yoipa kuposa kungotola mau mwachisawawa. Wogulitsa m'golosale amasanja katundu wake kuti asavutike pomufuna, koma mayi wofuna kuphika ndiwo satenga zinthu potsata mashelefu. Amatenga tomato, anyezi, mchere ndi mafuta, chifukwa ndizo zimakumana mumphika.

Taganizirani poyamba kuti nchiyani chimene chimamanga pamodzi mau a mu mndandanda wotere. Tanthauzo ai, pakuti hatchi, tsitsi ndi anyezi sizikhalira limodzi. Kamvekedwe nakonso ai. M'Chisipanishi lembo C likatsatana ndi a, o kapena u limamveka ngati k, monga mu 'casa'. Likatsatana ndi e kapena i limamveka ngati s m'maiko a ku America, pamene ku Madrid amalitchula lilime lili pakati pa mano, monga Angerezi amayambira liu loti 'think'. Likatsatana ndi h limamveka ngati ch wathu, monga mu 'chico', mnyamata. M'Chingerezi zinthu nzosokonekera koposa: 'cat', 'city', 'chalk' ndi 'chemist' onse ayamba ndi C, koma khutu la mwana likumva k, s, ch ndi k kachiwiri. Chimene chamanga mauwa ndi kachizindikiro kamodzi ka pa pepala, ndipo kachizindikiroko kadaikidwa ndi anthu pa msonkhano.

Tikati pa msonkhano sitikunena mwanthabwala. Kuyambira 1803 mabuku otanthauzira mau a Chisipanishi ankawerenga ch ngati lembo lapadera, lokhala ndi chigawo chakechake pambuyo pa C. Mu 1994 mabungwe oyang'anira chiyankhulochi adakumana ku Madrid ndi kugwirizana kuti mau oyamba ndi ch azisanjidwa m'kati mwa C, ndipo mu 2010 adachotseratu ch pa alifabeti yao, nkutsala ndi malembo 27. Motero 'chico' adasamuka pa mndandanda wina kupita pa wina, koma mnyamata wa ku Mexico sadasinthe katchulidwe kake ngakhale pang'ono. Ifenso tili ndi mbiri yofanana ndi imeneyi. Amene amawerenga Buku Lopatulika lakale, lija la 1922, amadziwa kuti m'menemo mudalembedwa 'cifukwa' ndi 'cikondi'. Malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board lidatulutsa mu 1973 ndiwo adakhazikitsa ch m'malo mwa c, pamene anzathu a ku Chipata ndi ku Lusaka amalembabe Cinyanja. Chimanga cha ku Mchinji ndi 'cimanga' cha ku Chipata nchimodzi, ndipo nsima yake imakoma chimodzimodzi.

Pali chinanso chimene ife Amalawi tiyenera kuchiona msanga kuposa Mzungu. M'ziyankhulo zathu lembo loyamba la liu silikhazikika. Chitseko chikachuluka chimakhala zitseko, chala chimakhala zala, dzira limakhala mazira, munthu amakhala anthu. Mwana wa ku Msongwe amene kwao amayankhula Chitumbuka amadziwa kuti 'chinthu' chikachuluka ndi 'vinthu'. Mutati mulembe mndandanda wa mau a Chichewa oyamba ndi C, mudzangopeza kuti mwalemba maina a gulu la Chi-Zi, ndipo mutati mulembe oyamba ndi K, aneni onse adzakhamukira kumeneko: kudya, kugona, kulima, kuphika. Olemba mabuku otanthauzira mau, kuyambira David Clement Scott wa ku Mishoni ya Blantyre amene adatulutsa lake la Chimang'anja mu 1892, akhala akulimbana ndi vuto limeneli, ndipo nchifukwa chake mneni timamufuna pa tsinde lake. Khutu la mwana wathu lidazolowera kuti kumayambiriro kwa liu ndi kumene kumasinthasintha, ndipo mtima wa liu uli m'kati. Tikamuuza kuti agwire mau achilendo pa lembo loyamba, tikumugwiritsa mbuzi ku ubweya.

Choipa chachikulu cha mndandanda wa alifabeti ndi chakuti umasonkhanitsa pamalo amodzi mau ofanana maonekedwe, amene mphunzitsi wanzeru akadawatalikitsa. 'Caballo', 'cabello' ndi 'cebolla' akadaphunzitsidwa masabata osiyana, m'nkhani zosiyana, sakadasokoneza munthu. Alifabeti ndiyo idawakhazika pa benchi limodzi. Batia Laufer wa pa yunivesite ya Haifa adalemba m'zaka za m'ma 1980 za mmene ophunzira chiyankhulo chachilendo amasokonezera mau ofanana kalembedwe ndi kamvekedwe, ndipo aliyense amene adachongapo makope a Sitandade 5 angathe kumuikira umboni. Kumbukirani 'cat', 'cut', 'cot' ndi 'coat' pa bolodi la ku Msongwe lija. Chichewa ndi Chitumbuka zili ndi malembo a liu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo aliyense amamveka mwa njira imodzi. Mwana wozolowera zimenezi akamva 'cat' ndi 'cut' amamva liu limodzi, akamva 'cot' ndi 'coat' amamvanso limodzi. Tingonena modutsa kuti pa mfundo iyi Chisipanishi chikadamkomera mtima mwana wa ku Malawi kuposa Chingerezi, popeza nachonso chili ndi asanu omwewo, otchulidwa pafupifupi monga ife timawatchulira. Koma mbiri idatipatsa Chingerezi, ndipo ndi chimenecho tiyenera kulimbana nacho.

Liu lopanda chogwira limafanana ndi phokoso chabe. Hermann Ebbinghaus, katswiri wa ku Germany, pofuna kuyesa mmene munthu amaiwalira, adaloweza dala maphatikizo opanda tanthauzo, ndipo m'buku lake la 1885 adaonetsa kuti zambiri zimatayika m'maola oyambirira. Adaonetsanso kuti kubwereza kogawa pa masiku angapo kumapindula kuposa kubwereza kambirimbiri pa tsiku limodzi. Kwa mtsikana uja, 'chalk' ndi 'city' adali maphatikizo a Ebbinghaus. Kuvomera mokweza kasanu sikudawapatse tanthauzo.

Tikudziwa kuti ena mwa inu mufunsa kuti, nanga si mmene timaphunzitsira kuwerenga mu Sitandade 1? Kodi sitilemba lembo m ndi kupempha ana kuti atchule mau oyamba nalo, monga mayi, moto, mutu? Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake ndilo fungulo la nkhani yonseyi. M'phunziro limenelo mwana amawadziwa kale mayi ake, amaudziwa moto, amaudziwa mutu. Chachilendo ndi chimodzi chokha, lembo, ndipo mau odziwika aja ndiwo akumunyamula kuti alifikire. Njira ya maliu a malembo ndi maphatikizo, imene ndondomeko ya boma yophunzitsira kuwerenga idalimbikitsa m'sukulu zonse kuyambira 2016, ili pa maziko amenewa, ndipo sitikutsutsana nayo. Koma m'phunziro la mau a Chingerezi zinthu zatembenuka. Lembo C mwana wa Sitandade 4 amalidziwa kale. Chachilendo ndi mau. Kugwiritsa njira ya phunziro loyamba lija pa phunziro lachiwirili ndiko kulakwitsa kumene tikukunena. Ndipo inu amene mudzaphunzitse ku Mzuzu, ku Rumphi kapena ku Karonga chenjerani ngakhale pa phunziro loyambalo, chifukwa liu la Chichewa limene inu mukuliyesa lodziwika lingathe kukhala lachilendo kwa mwana amene kwao amati 'maji' ponena madzi.

Ena adzati mndandanda umathandiza m'kalasi la ana ochuluka, mmene mabuku ndi operewera. Izi ndi zoona ndipo sitizipeputsa. Mndandanda sufuna zipangizo, umakhazika ana chete pokopera, ndi wosavuta kuchonga, ndipo mlendo akasuzumira pa zenera amaona bolodi lodzaza ndi makope odzaza. Koma tiyeni tinene zoona: zonsezi ndi zokomera mphunzitsi. Mwana amene wakopera mau 20 nkutsala wopanda ngakhale limodzi wataya theka la ola, ndipo theka la ola limeneli likabwerezedwa sabata ndi sabata limasanduka zaka. Lamulo la Maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi, kupatula phunziro la Chichewa lokha. Mwana wosauka mau a Chingerezi amalephera masamu amene akadawakhoza, chifukwa sadamve funso. Pamenepo ndi pamene pagona nkhawa yathu.

Nanga tichite chiyani? Choyamba ndi kusankha mau chifukwa cha ntchito yake. Michael West, amene adaphunzitsa Chingerezi kwa zaka zambiri ku Bengal, adatulutsa mu 1953 mndandanda wa mau a Chingerezi pafupifupi 2,000 amene amapezeka kawirikawiri ndipo wophunzira sangachite popanda iwo. Mndandandawo adausindikiza motsata alifabeti, inde, koma adaukonzera aphunzitsi ndi olemba mabuku kuti azifufuziramo. Sadaukonze kuti ana aziuimba kuyambira A mpaka Z. Liu ngati 'come' kapena 'cold' mwana wa ku Mzuzu adzalifuna lero lomwe. 'Ceiling' angathe kudikira.

Mukasankha mau, achepetseni, akhale asanu kapena asanu ndi limodzi, osafanana maonekedwe, ndipo muwamange ndi nkhani imodzi ya moyo wa anawo. Mwachitsanzo, mayi atuma mwana ku msika kukagula nthochi, mvula yayamba, mwana wathamanga, ndalama yagwa, mnzake waitola nkumubwezera. M'nkhani yotereyi muli dzina, mneni ndi mfotokozi, ndipo liu lililonse likukoka linzake. Nthochi ibwere m'kalasi, ndalama igwe pansi ndithu, ana awiri achite sewero. Zimenezi sizifuna buku, ndipo ana 100 angathe kuonera limodzi. Mawa lake mauwo abwerenso m'chiganizo china, sabata yamawa abwerenso, monga adatiphunzitsira Ebbinghaus.

Pano tikuchenjezeni za msampha wina umene ambiri amagweramo pothawa woyambawu. Mphunzitsi amasiya mndandanda wa lembo C nkulemba mndandanda wa mitundu yonse, kapena ziwalo zonse za thupi, kapena masiku onse a sabata, nkumayesa kuti wakonza zinthu. Paul Nation wa pa yunivesite ya Victoria ku Wellington adachenjeza m'chaka cha 2000 kuti mau oyandikana kwambiri tanthauzo, ndiponso mau otsutsana, akaphunzitsidwa koyamba pa nthawi imodzi amasokonezana. Ophunzira athu adaziona okha pa 'cuchara' ndi 'cuchillo', amene adafanana pawiri, pa maonekedwe ndi pa ntchito: onse ankakumbukira kuti ndi ziwiya zodyera, koma supuni ndi iti, mpeni ndi uti, zidavuta. Ndani mwa ife sadakumanepo ndi mwana wa Sitandade 6 amene amasinthanitsabe 'left' ndi 'right', kapena 'Tuesday' ndi 'Thursday'? Phunzitsani limodzi, likhazikike, linzake lidzabwere pambuyo. Nthawi yoika mau ofanana pamodzi ndi kuwasiyanitsa imafika pamene mwana wawadziwa kale onse payekhapayekha.

Alifabeti nayo ili ndi tsiku lake. M'makalasi a pamwamba, kuyambira Sitandade 6, mwana ayenera kuphunzira kutsegula mtanthauziramau ndi kupeza liu mwamsanga, kudziwa kuti 'cart' amabwera 'cat' asanafike ndiponso chifukwa chake. Limeneli ndi luso lofunika, ndipo ambiri amafika nalo ku sekondale ali osalidziwa. Koma phunziro limenelo mulitche dzina lake lenileni m'chikonzero chanu, ndipo mugwiritse mau amene ana akuwadziwa kale.

Tisanachoke ku Mzuzu tsiku lija tidaona chinthu chimene chidatiseketsa pambuyo pake, titachita kale zoyesa zathu za Chisipanishi. Potuluka pa sukulu, ana ena adatiperekeza mpaka ku mseu, ndipo mmodzi adatifunsa ngati tikufuna atiitanire sakaramento. Anthu a ku Mzuzu amatchula motero njinga zonyamula anthu, zimene kwina amati kabaza. 'Sacramento' ndi liu la Chisipanishi ndi Chipwitikizi, ndiponso ndi dzina la likulu la California. Lili ndi maphatikizo ambiri kuposa liu lililonse limene lidali pa bolodi m'mawa uja, koma palibe mwana wa ku Msongwe amene amaliphonya, ngakhale kuti palibe mphunzitsi adalilembapo pa mndandanda wa lembo S. Amaliona likudutsa pa mseu tsiku ndi tsiku, amalimva likuitanidwa, ndipo ena abambo ao amadyera momwemo.

Mphunzitsi wathu uja tidamuyenderanso patapita masabata atatu. Pa bolodi padali mau asanu okha. Pa tebulo padali chidebe, sopo ndi malaya akuda, ndipo mnyamata wina adali kutsogolo akuchapa mwamanyazi, anzake akumuuza m'Chingerezi chothyokathyoka zoti achite. M'kalasi mudali phokoso, ndipo mphunzitsiyo adatipepesa chifukwa cha phokosolo. Tidamuuza kuti apitirize, ife tidakhala kumbuyo ndi kutsegula chikonzero chake cha sabata yotsatira.